Khonde la galimoto ya Chindevu

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, ngakhale kubisa kwake n'kongodzivutitsa, chifukwa theka la anthu a ku Mfuwe linaiona ndi maso, ndipo theka linalo limalumbira kuti linaliponso. Ndiye ndati bola ndiikambe ndekha, mwina ingachepeko mchere umene anthu akhala akuthiramo.

Chinali chaka cha 1996, mwezi wa Okutobala, uja kuno kuchigwa ngakhale madzi a mumtsuko amakhala ngati wina wawaphitsa. Ine kwathu ndi ku Katete, kumtunda. Kuchigwa ndinatsikira ukwati, ndipo ndinakhala pachikamwini m'mudzi wa mkazi wanga, amake Dalitso, zaka ziwiri zathunthu wopanda ntchito yooneka ndi maso. Ndinkamata machubu a njinga pansi pa mtengo, ndipo tsiku likandikomera kunkabwera njinga ziwiri (ina mwa izo yongobwereka pampu). Chimanga chimene tinkadya chinali cha apongozi anga aakazi, mayi wamasiye amene amuna awo anali asikauti oyang'anira nyama. Sanandinenepo kanthu ngakhale tsiku limodzi, koma mkamwini amaona yekha nkhokwe ya eni ake ikutsika, ndipo chakudya chimayamba kumuima pakhosi.

Tsiku lina ndinamva kuti kampu ina ya alendo m'mphepete mwa Luangwa ikufuna munthu wokonza zinthu. Ndinabwereka nsapato n'kupita. Manijala wake, a Sakala, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za eni akezo.

"Za magetsi mumazidziwa?"

"Kwambiri, bwana."

"Nanga za injini?"

"Ine ndinakulira m'galaja."

(Zoona zake n'zakuti ndinabisalapo mvula m'galaja ina ku Chipata, podikira lole. Koma mvulayo inagwa nthawi yaitali ndithu.)

Anandipatsa ovolosi yabuluu, bokosi la masipanala, ndi miyezi itatu yondiyesa. Mwayi unandikonda. Kwa masabata khumi ndi limodzi palibe chachikulu chinaonongeka. Ndinkasintha mababu, kumanga mipope yodontha ndi kuthira mafuta wilibala, ndipo pochita zimenezi ndinkakwinya nkhope kuti anthu aone kuti ntchitoyo ndi yozama. Kumudzi dzina langa linasintha, ndinali a makanika. Ovolosi ija ndinkapita nayo ngakhale kumaliro.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kudziwa ndisanapitirire. Choyamba, apongozi anga ankagwira ntchito pa kampu yomweyo, kochapira zovala, kuseri kwa khitchini. Tsono mwambo wa kwathu ndi wa kuno ndi umodzi: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sakhala pamkeka umodzi, ndipo salankhulana ngati anzawo. Mukakumana panjira wina amapatuka, ndipo mawu akakhalapo amadzera mwa mkazi wako kapena munthu wina. Pa kampu tinkazitha bwino. Iwo akadzera kukhitchini, ine ndinkadzera ku jenereta, ndipo ndinkanyada kuti pa akamwini onse a m'mudzimo, wopatuka msanga kuposa ine panalibe.

Chachiwiri n'chochititsa manyazi. Loweruka la sabata yapitayo banja lonse linapita kukasosa munda wa thonje wa apongozi. Ine ndinati jenereta ya kampu yadwala mwakayakaya, singakhale yokha. Masana omwewo anthu anandiona pamsika wa kumsewu ndikusewera nsolo, ovolosi itakwinyidwa mpaka m'zigongono. Madzulo amake Dalitso anangoti, "Amayi amva." Ine ndinakhala masiku onsewo ndikudikira kuti chigwe liti.

Lolemba kunafika galimoto imene sitinaionepo mtundu wake, yochokera ku South Africa. Inali nyumba yathunthu pa mateyala. Mkati munali bedi, chitofu, filiji, ngakhale chimbudzi (a Mwale, ophika athu, anakana kukhulupirira mpaka atasuzumira okha, ndipo atasuzumira anati azungu amenewa sangawapatse moni wa pamanja). Eni ake anali nkhalamba ziwiri, bambo wa ndevu zofika pachifuwa amene tinangomutcha Chindevu, ndi adona ake, mayi wamfupi wosekaseka. Koma chimene chinasonkhanitsa anthu chinali khonde. Pamwamba pa chitseko panali chibokosi chachitali choyera, kutalika kwake pafupifupi galimoto yonse. Chindevu anadina batani, chibokosicho chinayasama, mikono iwiri yachitsulo inatambasuka yokha ikukoka nsalu yokhuthala yamizeremizere, ndipo posakhalitsa panali mthunzi, mipando iwiri ndi tebulo. Ine ndinaima kumbuyo kwa anzanga manja m'thumba, n'kumawauza kuti zimenezi ku tauni n'zakale.

Lachinayi m'mawa a Sakala ananditumira mawu kuti ndifike msanga. Ndinawapeza aima pansi pa khonde lija, makiyi ali m'manja.

"A makanika, mwauka bwanji? Khonde la bwana lakana kubwerera. Adina batani, likungolira. Iwo apita m'paki kukaona nyama komaliza. Abwera leveni awazi, thwelofu anyamuke kuti Chipata akafike kusanade. Galimoto siingayende mumsewu khonde lili chitambasukire chonchi. Mutha?"

"Zazing'ono izi, bwana."

"Chabwino. Sabata ino ndi yomaliza pa miyezi yanu itatu ija, ndipo eni kampu andifunsa za inu Loweruka. Mundipatse chokawauza. Ine ndikupita ku eyapoti kukatenga alendo."

Anandiponyera makiyi n'kunyamuka. Ndinatsala ndekha ndi galimoto ija pansi pa msikidzi, apusi angapo atakhala pa nthambi ngati alipira khomo.

Ndinayamba ndi zimene Chindevu anali atachita kale, ndinadina batani. Chinalira ng'ung'ung'u, osasuntha. Ndinadina ndi chala chachikulu. Ndinadina mwadzidzidzi, kuti ndichidabwitse. Ndinatseka chitseko, n'kutsegulanso, n'kudina. Kenako ndinakumbukira nzeru ya panjinga, yakuti chilichonse chokana kuyenda chimafuna mafuta kapena nyundo. Nyundo ndinaiopa, ndiye ndinatenga mafuta akuda a jenereta n'kuthira m'zigongono zonse za mikono ija. Mafutawo sanalowe m'mene ndinkafuna. Anayenderera pansalu, n'kudonthera pampando wa adona, ndipo popukuta ndinangowafalitsa.

Ndinalowa mkati kukafuna mafyuzi, popeza ndinamvapo anthu akuti magetsi akavuta yamba ndi fyuzi. Ndinawapeza m'kabokosi kunsi kwa mpando, asanu ndi atatu, amitundumitundu. Ndinawazula onse n'kuwayala pabedi la eni ake kuti ndiwaone bwino, ndipo nditamaliza kuwaona ndinazindikira kuti sindikukumbuka aliyense anali pati. Ndinawabwezera monga mtima unandiuzira. Mmodzi ankaoneka wotopa, choncho ndinamukulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, monga tinkachitira ndi wailesi kumudzi. Nditadina batani, kulira kuja kunakwera, kunakweranso, kenako kunamveka fungo la mphira wopsa, ndipo zonse zinangoti zii. Filiji nayo, imene inkang'ung'udza pakona kuyambira m'mawa, inaleka.

Ndikutuluka m'galimoto thukuta lili kamukamu, ndinaona munthu akubwera m'kanjira kochokera kochapira. Anali apongozi. M'manja ananyamula chitsulo chachitali pafupifupi msinkhu wawo, kumapeto kuli mbedza, kumapeto kwina kokhota.

Munthu wolakwa safuna womasulira, ndipo ine ndinadziwiratu kuti nkhani ya munda wa thonje yafika, ndipo yafika ndi chitsulo. Anaima patali, mapazi ngati khumi, anagwada cham'mbali nkhope italoza kumtsinje, n'kutsokomola pang'ono. Ine ndinanjuta, nkhope italoza ku teyala, n'kuomba m'manja.

Analankhula ndi msikidzi. "Kaya anthu ena angakhale ndi kanthawi pang'ono."

Mawu ofatsa otero, kuchokera kwa munthu wonyamula chitsulo, ndi amene amaopsa kwambiri. Ndinayankha teyala. "Anthu atanganidwa kwambiri ndi ntchito ya azungu."

"N'kanthu kakang'ono chabe."

"Anthu amva. Akamaliza."

Nditatero ndinagona chagada n'kulowa kunsi kwa galimoto, sipanala m'manja, ndipo ndinayamba kugogoda chitsulo china chimene sindinkadziwa ntchito yake. Kuchokera kumeneko ndinkangoona mapazi awo ndi nsonga ya chitsulo chija. Anadikira nthawi yaitali, moti nyerere zinapeza njira yolowera m'khosi la ovolosi, koma ndinapirira. Potsiriza mapazi aja anatembenuka n'kubwerera. Ndinatuluka ndikudziyamikira kuti ulemu ndausunga ndipo mutu wanganso ndausunga.

Nthawi inali itapitirira naini. Ndinaganiza kuti ngati magetsi akana, mphamvu za anthu zilipo. Kuno kuchigwa galimoto ikatitimira mumchenga sitifunsa buku, timaitana anthu n'kukankha, ndipo imatuluka. Ndinapita kukhitchini n'kuitana a Mwale ndi anzathu atatu operekera zakudya. Ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo popeza ili linali denga lenileni, palibe anatsutsa.

Tili m'njira a Mwale anandikoka pambali. "Apongozi anu anafika kukhitchini kukufunsani. Anyamula chitsulo."

"Anena kuti n'chachiyani?"

"Ndafunsa, akuti ndi nkhani ya m'banja."

"Basi auzeni kuti za m'banja zidzera mwa amake Dalitso."

A Mwale anandiyang'ana mondimvera chisoni, ngati munthu amene nayenso anakhalapo mkamwini.

Ndinawaika awiri ku mkono wa kumanzere, awiri ku wa kumanja, ine pakati ngati kapitao. Ndinawerenga wani, thu, fili, tinakankha. Sichinasunthe. Ndinati amuna anzanga, kodi mwadya? Tinakankhanso, mapazi akukumba mchenga, galimoto yonse ikugwedezeka, mbale zikulira mkati. Ulendo wachitatu china chake chinati kwe, ndipo khonde linapendekeka mbali imodzi. Tonse tinasiya n'kuyang'ana m'mwamba.

"A makanika," anatero a Mwale, "mkono uwu unali wokhota chonchi?"

"Umatero ukamafuna kulowa."

A Mwale anakumbukira kuti asiya buledi mu uvuni, ndipo enawo aliyense anakumbukira kake. Pasanathe mphindi ndinali ndekhanso ndi apusi aja.

Apa munthu wanzeru akanakhala pansi n'kudikira eni ake. Ine ndinapita kukatenga makwerero. Pobwera ndinapeza chitsulo cha apongozi chagonekedwa bwinobwino pamchenga, pansi pa khonde, mbedza yake italoza kumapeto kwa chibokosi chija, kumbali ya kutsogolo kwa galimoto. Eni ake kunalibe. Ndinachizungulira kawiri osachikhudza. Ndinaganiza kuti ndi uthenga, ngati uja akuluakulu amakuikira khasu pakhomo osanena kanthu. Kenako ndinaganiza kuti katundu wa apongozi sayenera kugona pamchenga pamalo pamene mkamwini akupondaponda. Ndinachinyamula ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kupita nacho kochapira. Ndinachitsamiritsa pakhomo, ndinatsokomola kuti adziwe, ndipo ndinabwerera mothamanga ndisanamve yankho. (Akulu anati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndinachita kuposa pamenepo, khomo anandibweretsera, ndinalibweza.)

Nzeru yanga yomaliza inali iyi: ndikwere padenga, ndimasule chibokosi chonse, tichitsitse pansi, tikulunge nsalu ngati mphasa, timangirire pamwamba pa galimoto, akakonzetse kwawo. Ndinakwera itapitirira hafu teni. Denga linali loti ukhoza kukazingirapo mtedza. Ndinagona chafufumimba m'mphepete, n'kupeza mabawuti anayi ogwira chibokosicho, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Awiri a kumbuyo anamasuka mosavuta, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinamva ngati makanika. Ndinawaika m'thumba la pachifuwa.

Sindinaganize kuti chibokosicho n'cholemera bwanji, ndipo sindinayang'ane kumtsinje. Mwezi umenewo dzuwa likakwera, pamchenga wa Luangwa pamadzuka akamvuluvulu. Mmodzi anadzuka, anawoloka kampu akunyamula masamba ndi fumbi, n'kulowa pansi pa khonde. Nsalu inafufuma, mbali imene ndinamasula inachoka pakhoma la galimoto n'kuyamba kulendewera kuloza pawindo. Ndinaigwira ndi manja onse awiri. Inandikoka, ndinatsetsereka ndi mimba, ndipo ovolosi inakodwa pa kachitsulo kena ka padenga. Ndinamva kung'ambika kwautali, kosafulumira, kuyambira m'chiuno mpaka kuseri kwa bondo. Kenako ndinamva dzuwa pamalo pamene silinafikepo chibadwire.

Ndinene zoona pano, chifukwa ena amanama. Kunkatentha kwambiri mwezi umenewo, ndipo ovolosi ndi chovala chokwana pachokha. Mkati ndinalibe kanthu.

Ndiye taonani m'mene ndinalili. Chafufumimba padenga lotentha, mutu ndi manja zili kunja kwa denga zitagwira chibokosi, kumbuyo kuli poyera kuloza kumwamba. Ndikasiya dzanja limodzi kuti ndidzifunde, khonde ligwa n'kuswa windo, ndipo ntchito yathera pomwepo. Ndikapanda kusiya, ndikhala choncho. Ndinaitana a Mwale motsitsa mawu, popeza sindinkafuna abwere ena. Nthawi yomweyo ndinamva injini. Galimoto yopanda denga yoonetsa nyama inalowa pageti, mipando yake yokwera ngati ya m'bwalo la mpira, itadzaza alendo, aliyense ndi kamera kapena magalasi oonera patali pakhosi. Anthu amenewo anali atakhala m'mawa wonse akuphunzira kuyang'ana pamene dalaivala waloza, ndipo dalaivala analoza.

Mbali inayo, m'kanjira kochokera kochapira, apongozi ankabwera kachitatu ndi chitsulo chawo. Ulendo uno sanaime patali, sanagwade, sanatsokomole. Anafika pansi panga penipeni, maso ali pamchenga.

"Apongozi," anatero.

Zaka ziwiri ndi miyezi, aka kanali koyamba kundiitana ine mwini. Ndinatseka maso.

"Gwirani pomwepo, musasiye. Ine sindikuyang'ana."

Anapita kumapeto kwa chibokosi, kumbali ya kutsogolo. Pamenepo panali kamphete kachitsulo kolendewera, kamene ine ndinali nditakaona m'mawa n'kukolekapo kansanza kanga kopukutira mafuta. Anachotsa kansanzako ndi mbedza, analowetsa mbedza m'kamphete, anagwira kokhota kuja n'kuyamba kupukusa. Chibokosi chinanjenjemera m'manja mwanga. Nsalu inayamba kulowa, pang'onopang'ono, ikudzikulunga yokha, mikono ikupindika. Ankapukusa mosathamanga, ngati munthu amene akupota chingwe pakhonde lake, ndipo kampu yonse inali chete kupatula kamera imodzi.

A Mwale anakwera makwerero n'kundilandira chibokosi, nkhope atayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Koma ine kudzuka sindikanatha. Apongozi anamasula chitenje chawo chapamwamba, anachikoleka ku mbedza ija, n'kuchikweza padenga atandifulatira. Ndinachilandira, ndinadzikulunga ndili chigonere, ndipo mabawuti awiri aja ndinawabwezera nditavala chitenje cha maluwa ofiira pamwamba pa ovolosi ya makanika.

Khonde linalowa lonse kupatula pang'ono, chifukwa mkono wokhota uja unakana kugona m'malo mwake. Pamenepo ndiye luso langa lenileni linagwira ntchito, ndinalimanga ndi malegeni a chubu cha njinga, ndipo ndikhulupirira anafika nawo kwawo. Chindevu anali atatsika kale m'galimoto yoonetsa nyama ija. Nkhope inamufiira mpaka m'makutu. Anaona mkono, anaona mafuta pampando, analowa mkati n'kununkhiza, anatsegula filiji, n'kutuluka atanyamula kapepala ka ndudu kaja ndi zala ziwiri. Analankhula nthawi yaitali m'chilankhulo chimene sichinali Chingerezi, ndipo ndikuthokoza kuti sindinachiphunzire. Adona ake, misozi ya kuseka ili m'masaya, anangogwira chitsulo chija n'kumachionetsa amuna awo. Dalaivala anatimasulira kuti anachifunafuna mbandakucha osachipeza. Matenda onse a khondelo anali batire lofooka, chifukwa filiji ndi fani zinayenda masiku atatu galimoto itaima. Mota yake inali yabwinobwino mpaka pamene inakumana ndi ine.

A Sakala anafika kuchokera ku eyapoti nkhani ili pakati, alendo atsopano ali pambuyo pawo. Anandiona ndi chitenje, anaona malegeni, n'kupuma mozama. Atamva zonse anafunsa kuti chitsulo cha alendo chinapezeka bwanji kochapira.

Apongozi anagwada. "Ndine, bwana. Dzulo mphanda yochirikiza chingwe choyanikira inathyoka, mabulangete anali kukhudza pansi. Ndinachiona chitatsamira mtengo, ndinati ndibwereke mpaka aume, ndiye ndinaiwala. Ntchito yake ndimaidziwa, ndinawaona adona akuchiyesa tsiku lofika. Ndinaopa kuti anthu akamva ati ndayamba kutola za alendo. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikufuna kuchipereka mwakachetechete kwa mwana wa m'nyumba mwanga, kuti zithere pakati pathu. Koma mwanayo ali ndi ulemu wambiri."

Palibe mawu amene anandipwetekapo ngati amenewo. Za munda wa thonje sizinali m'mutu mwawo n'komwe. Iwo anali ndi mantha awo, anasankha ine kuti ndiwasungire chinsinsi, ndipo ine ndinawathawa kawiri n'kuwasiya adziulule okha pamaso pa bwana, alendo ndi ophika.

Alendo ananyamuka itapitirira wani. Chindevu anagwira chanza apongozi, ine anangondiyang'ana chitenje. Fumbi lawo lisanathe, a Sakala anandiitanira mu ofesi.

"Galaja imene munakuliramo ili kuti?"

"Ku Chipata, bwana."

"Munakhalamo zaka zingati?"

"Mvula itasiya ndinatuluka."

Anagwira pachipumi. "Vulani ovolosi ya kampu, muzipita."

"Bwana, ndilibe china."

"Mubweze mawa. Yosokedwa."

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa ofesi, pa mulu wa nkhuni. Ulendo wa kumudzi sindinauyambe msanga. Ndinkaganiza za msewu wodutsa pamsika, za anzanga a nsolo, za nkhope ya amake Dalitso, ndi za nkhokwe ija imene ndinkabwerera kukaidya ndi manja lende. Khoma la ofesi linali la bango, choncho ndinamva bwino wina akuti odi, ndipo mawuwo ndinawadziwa.

"Mayi, za chitsulo zatha," anatero a Sakala. "Mwagwira pano zaka zambiri, sindinamvepo kanthu. Koma musadzabwerezenso."

"Zikomo, bwana. Sindinabwerere zimenezo. Ndabwerera munthu uja."

"Munthu uja ndi wabodza, mayi. Watentha mota ya alendo."

"Bodza ali nalo. Koma wagwira chibokosi chija osasiya, ali m'mene analili, anthu onse akuona. Wina akanasiya. Ine ndakalamba, ndowa zochokera kumpope zikundilemera, ndi simbi ya makala ikunditopetsa mkono. Mpatseni ine. Zovala zilibe mabawuti."

"Koma amakuthawani."

"Athawira kuti? Chingwe choyanikira ndi chimodzi."

Ndinalira pa mulu wa nkhuni paja, mwamuna wamkulu, ndikupukuta mamina ndi chitenje cha apongozi.

Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito kochapira, malipiro otsika, dzina la makanika litapita kwa munthu wina wochokera ku Msoro amene ankadziwadi za mafyuzi. Ndinagwira kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinatunga madzi, ndinafinya mabulangete, ndipo ndinaphunzira kusita malaya mpaka alendo ena ankafunsa kuti wasita ndani. Iwo ankakhala mbali iyi ya chingwe, ine mbali inayo, nsalu za pabedi zili pakati ngati khoma, ndipo ntchito inkayenda bwino kuposa m'maofesi ambiri m'mene anthu amayang'anana m'maso. Za padenga sanazitchulepo, ngakhale kwa mwana wawo. Amake Dalitso anazimva kwa a Mwale, monga anazimvera wina aliyense.

Anthu amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndingakonde kunena kuti ndinaphunzira kuvomera kuti sindidziwa, koma amene amandidziwa angaseke. Apongozi alipo mpaka lero, akuyenda ndi ndodo, ndipo ndikawaona akubwera panjira ndimapatukabe kulowa m'tchire, chifukwa mwambo ndi mwambo. Kungoti masiku ano, ndisanapatuke, ndimayamba ndayang'ana chimene anyamula m'manja.